Mtsinje ukundidyera busa: kodi ndimange chikupa?

Funso

Ndili ndi malo a mahekitala 60 cha ku Mitundu ndipo ndimawetapo ng'ombe 80 za nyama. Malire a kum'mawa ndi mtsinje, ndipo pakati pa mtsinjewo ndi mtunda pali dambo lomwe ndiye busa langa lalikulu. Zaka zitatu zapitazi mtsinje wakhala ukusefukira dzinja lililonse. Dzinja lathali madzi analowa m'khola usiku, ana a ng'ombe anayi anafa, waya wa mpanda anakokoloka, ndipo pomwe mtsinje wakhota gombe lagumuka mamita angapo. Munthu wina wa katapila akuti andimangire chikupa cha dothi cha kilomita imodzi m'mbali mwa mtsinje, komanso awongole pokhotapo. Kodi ndigulitse ng'ombe zina kuti ndilipire ntchitoyi? Nanga boma silingandithandize?

Mlimi wa ku Mitundu

Yankho

Bambo, pepani kwambiri chifukwa cha ana a ng'ombewo. Mlimi akataya ana anayi usiku umodzi amafuna kuchitapo kanthu kooneka ndi maso, ndipo katapila ikamaunjika dothi mtima umakhala m'malo. Koma ine ndikuti ng'ombe zanu musagulitse chifukwa cha chikupa chimenecho, ndipo pokhotapo musalole munthu kuwongola. Ndalama yochepa kuposa imeneyo ingateteze ziweto zanu bwino mukaiika pamalo oyenera.

Tiyambe ndi madziwo, kuti akuchokera kuti. Lilongwe salandira mvula yambiri ngati Mulanje kapena Nkhata Bay. Pachaka timapeza mamilimita pakati pa 800 ndi 900, kuyambira Novembala mpaka Epulo. Chovuta ndi kagwedwe kake. Mu Januwale ndi Febuluwale nthaka imakhala itakhuta kale, ndiye kumabwera chimvula cha maola atatu kapena anayi. Milimita imodzi ya mvula pa hekitala imodzi ndi malita 10,000. Tiyerekeze kuti dera lonse lomwe limatsanulira madzi mumtsinje wanu ndi mahekitala 10,000, ndipo usiku wina kwagwa mamilimita 60. Amenewo ndi makiyubiki mita 6 miliyoni. Pamene pali nkhalango ndi udzu, ambiri amalowa pansi n'kumatuluka pang'onopang'ono mpaka chilimwe. Pamene pali mbee, mizere yolozetsa kumtsinje, njira za ngolo ndi zigwembe, gawo lalikulu limathamangira mumtsinje usiku womwewo. Mvula ndi yomweyo, koma madzi amene kale ankadutsa pa malo anu kwa sabata yathunthu tsopano akudutsa m'maola ochepa.

Mitsinje ikuluikulu ya mbali yanuyo, monga Lilongwe ndi Diamphwe, imachokera ku Dzalanyama, ndipo nkhani ya makala kumeneko palibe amene sakuidziwa. Zinafika poti mu 2015 asilikali anatumizidwa kukalondera nkhalangoyo, bungwe la Lilongwe Water Board likuda nkhawa ndi madzi a mumzinda. Onjezani madimba olima mpaka m'madzi, maenje a njerwa m'magombe, ndi okumba mchenga. Dothi lonse lokokoloka kumtunda limakaima pamene mtsinje wafika pachidikha, ndiye pansi pa mtsinje pamakwera chaka ndi chaka. Mtsinje womwe agogo anu ankatsikiramo ngati m'dzenje lero wadzaza mchenga, ndipo madzi ochepa okha akukwanira kuti utaye. A mumzinda anazionanso mu 2017 pamene Lingadzi anasefukira n'kulowa m'nyumba za ku Mtandire. Ena amaganiza kuti madamu a Kamuzu ku Malingunde amatchinjiriza okhala kumunsi, koma ntchito ya madamu amenewa ndi kusunga madzi akumwa. Akadzaza, madzi obwerawo amangodutsa pamwamba.

Tsopano funso lomwe ndikanakufunsani tikanakhala pamodzi: madziwo anakhala nthawi yaitali bwanji pabusa? Ndikufunsa chifukwa kusefukira kwa kuno n'kosiyana ndi kwa ku Chikwawa ndi Nsanje. Kumeneko Shire ndi Ruo akakumana atadzaza, madzi amaima masabata, midzi n'kusanduka zilumba. Kuno kumtunda mtsinje umakwera usiku, pofika mawa lake madzulo wabwerera m'njira yake. Ngati n'zimene zimachitika kwanu, busa lanu silikufa ndi madzi. Kapinga ndi udzu wa m'dambo zimapirira kumizidwa masiku angapo, ndipo matope opyapyala amene madzi amasiya ndi manyowa aulere. Msipu umene ng'ombe zanu zimadya mu Seputembala ndi Okutobala, pomwe kumtunda kuli gwaa, umachokera ku madzi omwewa. Walira mvula walira matope. Dambo ndi mbali ya mtsinje, ndi chipinda chake chogona ukakhuta. Mahekitala 20 a dambo atamira theka la mita amasunga makiyubiki mita 100,000, ndipo mukawatsekera kunja madzi amenewo sasowa ayi, amapita kwa munthu wina.

Mukaona bwino zimene mwataya ndi zitatu: ana a ng'ombe chifukwa khola lili pamalo olakwika, waya chifukwa mpanda unamangidwa mopingasa madzi, ndi gombe chifukwa pokhotapo palibe mizu. Palibe chimodzi mwa izi chimene mankhwala ake ndi khoma la kilomita.

Tiwerengere limodzi chikupacho. Chikupa cha dothi chotalika mamita 2, pamwamba pake mamita 2 m'lifupi, mbali zake zotsetsereka bwino, chimafuna tsinde la mamita 10. Pa kilomita imodzi ndi dothi la makiyubiki mita 12,000, kapena kuti maulendo 1,200 a tipa yonyamula makiyubiki mita 10. Ndipo si dothi lililonse. Mchenga wa mumtsinje umadutsitsa madzi. Makande a m'dambo amang'ambika ming'alu yolowa dzanja m'chilimwe, mvula yoyamba n'kulowa momwemo. Pamafunika katondo wosakanikirana bwino, woyalidwa masentimita 15 kapena 20 nthawi imodzi, wonyowetsedwa ndi kutsindiridwa ndi makina asanaikepo wina. Pansi pake amayamba achotsa dothi lapamwamba ndi mizu yonse, n'kukumba ngalande yomangirira chikupacho ku nthaka. Mufunseni wa katapilayo ngati mtengo wake ukuphatikiza zonsezi. Kawirikawiri chimene amatanthauza ndi kukokera dothi la pagombe pomwepo n'kuliunjika ngati mzere wa mbatata. Potero wafooketsa gombe, ndipo wakupatsani mulu womwe chiswe, mfuko ndi ziboda za ng'ombe zanu zomwe zidzaubowola zaka ziwiri zisanathe.

Chikupa chofooka n'choopsa kuposa kukhala opanda chikupa. Popanda chikupa madzi amakwera pang'onopang'ono, mbusa amawaona, ng'ombe zimasuntha. Chikupa chikaphulika madzi amalowa nthawi imodzi ndi mphamvu, amakumba chidzenje pomwe aboolapo n'kumwaza mchenga pa busa lonse. Kiyubiki mita imodzi ya madzi imalemera tani imodzi. Kumbukirani kuti mu Januwale 2022 namondwe Ana anagumula mbali ya damu la Kapichira, lomangidwa ndi mainjiniya, dziko n'kukhala pa mavuto a magetsi kopitirira chaka. Palinso china chimene ambiri amaiwala: mvula imagwanso kumbuyo kwa chikupa. Madzi otsika kumtunda kwanu sadzapeza potulukira, ndiye pafunika makalavati okhala ndi zitseko zotseguka mbali imodzi, ndi munthu woziyang'anira. Zikapanda kutero dambo lomwe linkauma m'masiku awiri lidzakhala chithaphwi mwezi wathunthu, ndipo mudzaona m'munsimu chifukwa chake chithaphwi chili mdani wa ng'ombe.

Ndiye pali anzanu a tsidya lina. Zaka zingapo zapitazo ndinaitanidwa pa esiteti ina kuno kuchigawo chapakati komwe mwini wake anamanga chikupa chotere. Chaka choyamba anasangalala. Koma madzi onse amene ankagona kwa iye anakankhidwira kutsidya, n'kukokolola madimba ndi chimanga cha mudzi wonse. Chaka chachiwiri mtsinje utayamba kukwera, chikupacho chinapezeka chitadulidwa ndi makasu usiku, ndipo palibe anaona amene anadula. Mlandu unatha miyezi kubwalo la mfumu, ndalama zinapita, ubale unatha. Malamulo nawo sali mbali yanu mukachita mwa nokha. Lamulo la madzi la 2013, lomwe linakhazikitsa bungwe loyang'anira madzi m'dziko muno la National Water Resources Authority, silipatsa munthu ufulu wotseka kapena kupatutsa mtsinje popanda chilolezo, ngakhale utadutsa pamalo ake.

Za kuwongola ndinena mwachidule. Mtsinje umakhota kuti uchepetse liwiro. Mukaudulira njira yachidule, madzi amatsika motsetsereka kwambiri, amathamanga, amayamba kukumba pansi kubwerera kumtunda, magombe n'kumagwera m'kati. Mchenga wonsewo umakatsakamira kumunsi kwa mnzanu. Pakapita zaka zochepa mtsinje umayambanso kukhota, mwina pamalo oipa kuposa akale. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa.

Nanga muchite chiyani? Choyamba sichifuna ndalama. Chilimwe chino yendani m'dambo ndi mbusa wanu komanso munthu wachikulire wa m'mudzimo. Fufuzani pomwe madzi analekeza: zinyalala zokodwa m'nthambi, mzere wa matope pa mitengo ndi pa zulu. Khomani zikhomo zopaka penti. Kenako mufunseni wachikulireyo za chaka chomwe madzi anafika patali kuposa zaka zonse zimene akukumbukira, ndipo pamenepo mukhomenso chikhomo. Mlangizi wa zosamalira nthaka wa ku ofesi ya zaulimi ya m'dera lanu (EPA) angakuthandizeni ndi levulo ya chingwe kutambasula mzere umenewo kuzungulira malo onse. Mukatero malo anu agawika patatu: pomira chaka chilichonse, pomira mwa kamodzikamodzi, ndi posafika madzi.

Khola, nyumba ya mbusa, mosungira mankhwala ndi chakudya cha ziweto, zonsezi zipite posafika madzi. Ndikudziwa chifukwa chake makola ambiri ali kumunsi: pafupi ndi madzi, pafupi ndi msipu, ndipo nthawi zina mwini amafuna kusunga mtunda wonse kuti alimepo chimanga ndi fodya. Koma khola la ng'ombe 80 silidya malo. Mukapatsa ng'ombe iliyonse masikweya mita 5, ndi bwalo la mamita 20 mbali zonse, onjezani kachipinda ka ana kofolera. Ngati malo anu onse ndi otsika, apa ndiye pomwe katapila ili ndi ntchito: ikuunjikireni chitunda chokwera theka la mita pamwamba pa chikhomo cha wachikulire uja, chotsindiridwa bwino, mbali zake mubzale kapinga. Dothi lake silingafike ngakhale gawo limodzi mwa magawo khumi a chikupa chija. Khomo la khola liyang'ane kumtunda, ndipo njira yochokera ku busa kupita ku khola isadutse pakhwawa lomwe limadzaza msanga. Ng'ombe zazikulu zimasambira, koma ana ndi zija zotsekeredwa kapena zomangidwa chingwe ndi zimene zimafa. Kuyambira Disembala mpaka Malichi ng'ombe isagone kudambo ngakhale kumwamba kuli nyenyezi, chifukwa mvula yomwe imadzaza mtsinje wanu imagwa kutali komwe simukuona.

Dambo likamira ng'ombe zidya chiyani? Funso limeneli ndi limene limabwezera alimi kumadzi. Ng'ombe yathu ya makilogalamu 250 mpaka 300 imadya chakudya chouma cha makilogalamu pafupifupi 7 patsiku. Ng'ombe 80 ndi makilogalamu 560, sabata imodzi pafupifupi matani 4. Kuno ku Lilongwe chakudya chimenechi timachitentha chaka chilichonse: mapesi a chimanga, masangwi a mtedza, zotsala za soya. Sonkhanitsani mukangokolola, sungani pa thandala lofolera. Patulaninso mahekitala angapo kumtunda mubzale udzu wa rodesi ndi nsenjere kuti likhale busa la dzinja. Dambo likhale la chilimwe, monga momwe makolo ankachitira. Madzi akaphwa musathamangire kubwezako ziweto. Dikirani masabata awiri kapena atatu mpaka nthaka italimba moti chidendene chanu sichikulowa. Ng'ombe zikaponda dambo lonyowa zimaliumba ngati njerwa, udzu wabwino umatha, n'kumera zomera zosadyedwa. Pomwe madzi asiya mchenga wochindikala kuposa chikhatho, palasani ndipo mubzalenso kapinga.

Tibwere pagombe logumukalo, pomwe mukutayadi nthaka yosabwerera. Madzi amadya kunja kwa pokhota n'kutaya mchenga m'kati mwake. Amayamba kufukula m'munsi, pamwamba n'kutsala lende, kenako n'kugwa. Choncho kubzala mitengo pamwamba pa phompho loima chilili n'kutaya mbande. Yambani mwaligoneka gombelo kuti pa mita imodzi yokwera pakhale mamita awiri opita kumbuyo. M'munsi mwenimweni, pomwe madzi amagunda, yalani miyala ikuluikulu yoti munthu mmodzi sanganyamule, ina ilowe pansi pa mchenga kuti madzi asaifukule. Pamwamba pa miyalayo bango, kenako mizere ya vetiva yotsatana ndi mtsinje, mbande zake motalikirana masentimita 10 mpaka 15 kuti zikakula zigwirane ngati mpanda. Mizu ya vetiva imalowa pansi mamita awiri kapena kuposa, ndipo madzi akamudutsa pamwamba amagona n'kudzukanso. Kumbuyo kwake nsenjere ndi nsungwi, kenako mitengo ya m'madzi yomwe mumaiona m'mitsinje yosaonongeka: mkuyu, katope, mbawa, mthethe. Bulugamu ayi. Nthawi yabwino yobzala pagombe ndi madzi akangoyamba kutsika, cha mu Malichi ndi Epulo, chinyezi chikadalipo, n'kumathirira m'chilimwe. Mukabzala mu Disembala mtsinje udzazula zonse zisanagwire.

Magabiyoni, miyala ya m'mawaya ija mumaiona pa milatho, amagwira ntchito pamalo ovuta, koma ndi odula, ndipo ndaonapo malo ambiri pomwe waya wake anakathera pa mbaula zowotchera nyama, miyala n'kutsala yokha. Matumba a mchenga ndi a pangozi basi. Dzuwa la Okutobala limawaola.

Zonsezi sizingagwire ngati ng'ombe zikutsikira paliponse kukamwa madzi. Ndinene mosabisa, Bambo: pa malo ambiri owetera amene ndayendapo, ogumula gombe oyamba ndi ng'ombe za mwini malo. Siyani lamba wa mamita 15 kapena kuposa m'mbali mwa mtsinje, pokhotapo mufike 30, pomwe sipalowa ng'ombe, khasu kapena moto. Lambulani m'mbali mwake mu Juni osaka mbewa asanayambe kutentha tchire. Pomwera pakhale pamodzi, pamalo owongoka kapena m'kati mwa pokhota, poyalidwa miyala. Koposa apo ndi kukokera madzi kumtunda. Ng'ombe 80 pa malita 40 iliyonse ndi malita 3,200 patsiku. Pampu ya sola, thanki ya malita 5,000 ndi chomwera cha simenti zikwanira.

Mpanda wa m'dambo umafuna nzeru zake. Waya wa maso ngati ukonde amakola zinyalala, n'kusanduka khoma, madzi n'kugwetsa zonse. Gwiritsani mizere itatu kapena inayi ya waya, ndipo pomwe mungathe mpanda utsatane ndi njira ya madzi. Pomwe ukuyenera kupingasa, chigawo chimenecho chikhale chodziimira pachokha pakati pa nsanamira ziwiri zolimba, chomangidwa mopepuka mbali imodzi, kuti madzi akachikankha chitseguke ngati chitseko m'malo mokoka mpanda wonse.

Pali imfa ina yomwe simunaitchule, koma ndikukhulupirira ikukudyerani ndalama zambiri kuposa madziwo. Madzi akabwerera amasiya zithaphwi, m'zithaphwi mumaswana nkhono zing'onozing'ono, ndipo nkhonozo ndi zimene zimalera nyongolotsi za m'chiwindi. Tizilomboti tikatuluka m'nkhono timamatirira pa udzu wa m'mbali mwa madzi, ng'ombe n'kudya. Zimatenga miyezi itatu kapena kuposa kuti zikhwime m'chiwindi, ndiye mlimi sagwirizanitsa kuonda kwa mu Julayi ndi madzi a mu Febuluwale. Ng'ombe imadya koma osanenepa, ubweya umayima, m'maso mumayera, pansi pa chibwano pamatupa ngati muli madzi. Funsani a butchala amene amagula kwa inu kuti ziwindi za ng'ombe zanu zimaoneka bwanji. Akakuuzani kuti zimakhala ndi mitsempha yoyera yolimba kapena kuti oyeza nyama amazitaya, yankho mwalipeza. Si mankhwala onse a nyongolotsi amene amapha zimenezi. Triclabendazole amapha ngakhale zazing'ono, pomwe albendazole amapha zokhwima zokha ndipo saperekedwa kwa ng'ombe yomwe yangotenga bere. Mlangizi wa ziweto akukonzereni ndondomeko, kawirikawiri kumapeto kwa mvula ndi kumapeto kwa chilimwe, ndipo ndowe zikhoza kukayezedwa ku labotale ya boma ya ziweto ku Lilongwe konkuno. Zithaphwi zokhalitsa zitsegulireni tingalande tosaya kapena zitchingeni.

Matope a m'khola amafewetsa ziboda n'kuyambitsa zilonda zonunkha pakati pa zala, chifukwa china chokwezera khola. Nkhupakupa zimachuluka m'dzinja, ndipo chigawo chapakati ndi kwawo kwa matenda a East Coast fever omwe zimafalitsa, choncho dipi asadumphe chifukwa choti njira yadzaza matope; ngati kudipi sikukufikika, poperani pakhomo. Katemera wa blackleg (matenda otupitsa minofu) kwa ng'ombe zazing'ono ndi wa lumpy skin (matenda a zotupa pakhungu) aperekedwe mvula isanayambe. Ndipo ichi muwauze abusa anu mobwerezabwereza: ng'ombe ikafa mwadzidzidzi madzi atangophwa, makamaka ikamatuluka magazi akuda m'mphuno kapena kumbuyo, asaisende, asaigawe, asaigulitse. Ikhoza kukhala anthrax, yomwe mbewu zake zimakhala m'nthaka zaka zambiri n'kufukulidwa ndi madzi, ndipo imapha anthu. Aitane a zaziweto. Chitsime chomwe madzi osefukira analowamo chikapidwe ndi kuthiridwa klorini anthu asanayambe kumwa. Kolera wa 2022 ndi 2023 sitinamuiwale kuno ku Lilongwe.

Kudziwiratu kuti madzi akubwera n'kotchipa kuposa zonse. Zikani mtengo wolimba pagombe pomwe tochi ingaunike, mupake mitundu itatu, ndipo mugwirizane ndi mbusa kuti madzi akafika pa mtundu wachiwiri chilichonse chamoyo chikwere kumtunda, osadikira kukuimbirani. Pezani anthu awiri kapena atatu okhala makilomita angapo kumtunda kwa mtsinje, mwina pa mlatho kapena pa sukulu, muziwagulira mayunitsi m'dzinja kuti aziimba kukagwa chimvula. Ola limodzi lokha ndi lokwanira kutulutsa ng'ombe 80. Nthambi yoona zanyengo imalengeza pa wailesi ndi pa WhatsApp za mvula yamphamvu yomwe ikuyembekezeka. Mbusa akhale ndi foni yogwira ntchito ndi tochi, osati inu nokha muli ku Area 25.

Za boma, musayembekezere zambiri pa malo a munthu mmodzi. DoDMA, nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, imayamba ndi miyoyo ya anthu: chakudya, pogona, kusamutsa midzi. Zikupa zomangidwa ndi ndalama za boma ndi mabungwe, monga za ku Chikwawa, Nsanje ndi Karonga, zimatchinjiriza midzi, sukulu, misewu ndi masikimu a mthirira. Komabe zimene mwataya kanenenitu kwa mlangizi wa ziweto ndi ku komiti ya m'mudzi yoona za ngozi, chifukwa mtsinje wosalembedwa m'mabuku a khonsolo sulowa m'mapulani. Chimene boma lingakupatseni msanga ndi anthu: alangizi a zosamalira nthaka, a zankhalango, ndi injiniya wa zamthirira kapena zamadzi wa kukhonsolo woti adzaone pokhotapo musanaikepo mwala.

Kuchepetsa madziwo kwenikweni kuli kumtunda, m'minda ya anthu ena. Mizere ya akalozera, ngonyeka, maswale (ngalande zogwira madzi a mvula), timadamu ta miyala m'zigwembe, kusiya zitsa kuti ziphukire, kuleka kulima mpaka m'madzi: munda uliwonse ukagwira madzi ake kwa maola ochepa, mtsinje sukwera nthawi imodzi. Ntchito imeneyi ndi ya zaka, ndipo imayenda ndi mafumu. Inu muli ndi chinthu chomwe alimi akumtunda akuchisowa pamene feteleza wakwera chonchi, ndicho manyowa a ng'ombe 80. Pitani kwa a gulupu, osati ndi dandaulo koma ndi malonda: ngolo ya manyowa kwa aliyense amene wakonza akalozera ndi kubzala vetiva m'munda mwake, mbande za vetiva zichokere pa nazale yanu. Nkhani ya okumba mchenga ndi oumba njerwa pagombe ikambidwenso pabwalo lomwelo, chifukwa mukaiyamba nokha mudzangotchedwa wachuma wodana ndi anthu osauka.

Sindikunena kuti chikupa n'choipa paliponse. Ngati pali nyumba, mjigo kapena nkhokwe zomwe simungasunthe, chikupa chachifupi chozungulira zinthu zimenezo, chomangidwa kutali ndi gombe kuti mtsinje utsale ndi dambo lake, n'chomveka. Chijambulidwe ndi injiniya, chikhale ndi potayira madzi akachuluka mopitirira, a tsidya lina adziwe, chilolezo chikhalepo, pamwamba pake pasamere mtengo ndipo ng'ombe zisayendepo.

Wa katapila uja musamuthamangitse. Muuzeni kuti ntchito ilipo ya masiku awiri kapena atatu, mu Ogasiti kapena Seputembala nthaka itauma: kukweza pomanga khola, kugoneka gombe la pokhotapo, ndi kukuyalirani miyala m'munsi mwake. Mumulipire pa ola, inu muli pomwepo, ndipo dothi la chitunda akalitenge kumtunda, osati pagombe. Dzenje lomwe atasiye kumtundako mulikonze bwino m'mbali, lidzakusungirani madzi omwetsa ng'ombe mpaka cha mu Julayi.